Manambala a tab ndikuwatsata, koma besi ikuwombana ndi kiyibodi

Wabesi wa ku Chinamwali:
Akuluakulu, ndithandizeni. Bandi yathu yapeza ntchito yokaimba pa ukwati kumtunda kuphiri Loweruka la sabata yamawa. Akuchimuna ndi ochokera kunja, ndipo atumiza nyimbo za rock zakale zoti tikawaimbire. Ine ndinakulira pa reggae ndi nyimbo za kutchalitchi, ndiye ndatsitsa pa intaneti ma tab, zolemba zoonetsa ndi manambala waya ndi malo oti ugwire. Yandivuta ndi Sweet Child o' Mine. Ndikugwira fret iliyonse (tizigawo ta pa khosi la besi pamene umadina chala) monga alembera, ine ndi wagitala tikugwirizana bwinobwino, koma wakiyibodi akangolowa, zonse zikusokonekera. Iye akuti anaiphunzira ndi khutu pa nyimbo yeniyeniyo, ndiye olakwa ndife. Tuner, kachipangizo kochunira, ikuonetsa kuti besi yanga ili bwino.

Wagitala wa ku Matawale:
Achimwene, tiyambe taona kawerengedwe. Pa mizere inayi ya tab, uliwonse ukuimira waya umodzi: wapansi ndi waya wonenepa wa E, kenako A, D, ndipo G ali pamwamba. Ambiri amaitembenuza poti ukanyamula besi waya wonenepa ndi umene umakhala kumwamba.

Wabesi wa ku Chinamwali:
Pamenepo ndili bwino, achimwene. Ndikadatembenuza sitikadagwirizana ndi wagitala.

Mkulu wabesi wa ku Mpondabwino:
Mphwanga, palibe wolakwa pakati panu. Bwerera pa tab yakoyo, uwerenge timawu ta pamwamba, pamene anthu amangodumpha pothamangira manambala. Upezapo Eb Ab Db Gb, kapena mawu onena kuti utsitse theka la sitepe, ndiye kuti fret imodzi. A Guns N' Roses pojambula nyimbo imeneyi, yomwe inatuluka mu 1987, anatsitsa mawaya onse ndi fret imodzi. Zala zawo zimagwira D, C ndi G, koma chotuluka m'sipika ndi Db, B ndi Gb. Tab imalemba pamene chala chinali, silemba mawu amene anamveka. Wakiyibodi wanu watsata mawu, iwe watsata chala pa besi yochunidwa mwa nthawi zonse, ndiye mwasiyana ndi fret imodzi yokha, ndipo palibe kusiyana kopweteka khutu kuposa kumeneko. Mudzazipezanso pa nyimbo zambiri za Jimi Hendrix.

Wakiyibodi wa ku Sadzi:
Ndiye nkhani yatha. Mnzangayo angodina transpose, batani losinthira kiyi, akweze ndi 1, onse akumane mu D. Palibe wophunziranso china.

Woimba wa ku Chikanda:
Pepani achimwene, musafulumire. Mwamufunsa woimba wanu? Nyimbo imeneyi chakumapeto imakwera kwambiri, ndipo inu mukufuna kumuwonjezera pamwamba pake. Kwa inu ndi batani, kwa ife ndi pakhosi. Komanso kuphiri kumazizira madzulo, mawu satuluka monga amatulukira masana m'tauni. Ine ndikadakonda itsale mu Db momwemo, a mawaya ndiwo atsike.

Wagitala wa ku Matawale:
Achemwali akunena zoona, koma kuchuna pakati pa phwando nakonso n'kovuta. Ngati gitala ili ndi tremolo yoyandama, kachitsulo kogwedezera mawaya onse pamodzi, ukatsitsa waya umodzi ena amasuntha, ndipo alendo akhala akukuyang'anani. Wagitala wanu abwereke yachiwiri, aichuniretu mu Eb, izikhala pambali.

Wabesi wa ku Chinamwali:
Ndayang'ana, Eb alipodi pamwamba pa tab! Gitala yachiwiri ipezeka. Koma besi ndili nayo imodzi, ya mawaya asanu, ya kutchalitchi.

Mkulu wabesi wa ku Mpondabwino:
Ya mawaya asanu? Ndiye usakhudze n'komwe makiyi ochunira. Tenga pensulo, ulembenso tab yonse m'kope. Nambala iliyonse uchotsepo 1: pamene pali 5 ulembe 4, pamene pali 7 ulembe 6. Pamene pali 0, samukira pa waya wonenepa woyandikana nawo, ugwire fret 4. Izi zimatheka chifukwa mawaya a besi amasiyana ndi ma fret asanu. D wosagwira asanduka fret 4 pa waya wa A, A wosagwira asanduka fret 4 pa waya wa E. Amene amasowetsa mtendere anzathu a mawaya anayi ndi E wosagwira, chifukwa kunsi kwake kulibe kopita, koma iwe uli ndi waya wa B, ndipo fret 4 pamenepo ndi Eb. Chenjera ndi chinthu chimodzi: tab ili ndi mizere inayi, ndiye mzere wapansi si waya wako wonenepetsetsa. M'kopemo ujambule mizere isanu.

Kulemba pamanja ndimakukonda chifukwa ukamafika kumapeto umakhala wadziwa dzina la noti iliyonse, ndipo ukamalankhula ndi wakiyibodi mumamvana. Iye fret 4 sakuidziwa, amadziwa Db.

Wang'oma wa ku Domasi:
Poti mwayamba, pa nyimbo zanuzo pali Money ya Pink Floyd? Amaikonda anthu amenewa.

Wabesi wa ku Chinamwali:
Ilipo, ankolo. Manoti ake ndawagwira, koma ndikabwereza kachiwiri ndikupezeka ndasiyana ndi ng'oma.

Wang'oma wa ku Domasi:
Ndinadziwa. Ma tab ambiri aulere salemba kutalika kwa noti, ndiye munthu umangoiika mu 4/4 imene tinazolowera, yowerenga kugunda mpaka 4 n'kuyambiranso. Nyimbo ija, ya mu 1973, ili mu 7/4. Mzere wa besi umatha pa kugunda kwa chisanu ndi chiwiri n'kuyambiranso pomwepo, koma thupi lako likudikira kwa chisanu ndi chitatu kumene kulibe. Ika besi pansi kaye. Tsegula nyimboyo pa YouTube, uchepetse liwiro lifike 0.75, kiyi sasintha. Uziwomba m'manja n'kumawerenga mokweza mpaka 7, kufikira utasiya kuganiza. Ukatero nyamula besi. Umuuzenso wang'oma wanu kuti pa solo ya gitala nyimboyo imalowa mu 4/4, kenako imabwerera mu 7/4. Pobwererapo ndi pamene mabandi amagwa, ndiye mugwirizane chizindikiro, kaya kugwedeza mutu kaya kaimbidwe kamodzi kodziwika ka ng'oma (fill).

Wabesi wa ku Chinamwali:
Zikomo kwambiri nonse. Ndalankhula ndi anzanga: woimba wasankha Db, kiyibodi ikhala momwe ilili, gitala yachiwiri tibwereka, ine ndikulemba m'kope usiku uno. Ankolo a ku Domasi, tikukumana Lachitatu 4 koloko masana ku Chinamwali. Mungabwere mudzatimvere pobwerera mu 7/4 paja?

Wang'oma wa ku Domasi:
Ndibwera. Muuze wang'oma wanu asayambe ndisanafike.