Ndithandizeni kuzindikira kansomba kamadontho komwe ndaona ku Pemba

Abale ndi alongo a pa gulu lino, ndikupempha nzeru kwa amene amadziwa nsomba za m'nyanja yamchere. Ine ndinakulira ku Chembe ndipo mbuna ndinazizolowera kuyambira ndili mwana, koma chiyambireni ntchito kuno ku Pemba, m'dziko la Mozambique, ndakhala ndikuona zamoyo zondiimitsa mutu.

Loweruka lapitali, ndikusambira ndi magalasi pamwamba pa matanthwe a korali kufupi ndi gombe la Wimbe, ndinaona kansomba kakuda, kotalika ngati chikhatho, kamadontho oyera thupi lonse ngati nkhanga. Thupi lake linali langodya ngati bokosi la machesi, kakamwa kosongoka. Chomwe chinandidabwitsa kwambiri ndi kasambiridwe kake, chifukwa sikamapinda thupi monga zichitira mbuna, koma kamangopalasa ndi tizipsepse n'kumatembenukira pamalo amodzi, kenako n'kujompha mwala. Nditayandikira, kanalowa m'phanga mosapupuluma. Mnzanga akuumirira kuti ndi nsomba yodzitukumula ija, ndipo akufuna kuti tikakagwire n'kukaika m'thanki yagalasi ya kuntchito kwathu. Kodi ndi nsomba yanji, ndipo kuiweta n'kotheka?

Yankho loyamba:
Achimwene, zomwe mwafotokozazo zikugwirizana ndi boxfish (nsomba ya thupi longa bokosi) yotchedwa Ostracion meleagris, ndipo simunalakwitse kuifanizira ndi nkhanga, pakuti mawu akuti meleagris amatanthauza nkhanga imene. Yomwe munaonayo ndi yaikazi kapena yaing'ono, popeza yaimuna imakhala ndi madontho oyera kumsana kokha, pamene m'mbali ndi yobiriwira ngati mtambo, yamadontho achikasu. Imakula mpaka masentimita 25. Mnzanuyo sanasochere patali, chifukwa ilipodi nsomba yodzitukumula yakuda yamadontho oyera, Arothron meleagris, koma iyo ndi yobulungira, yofewa, ndipo imafika masentimita 50. Boxfish singafufume ngakhale itaopsezedwa chotani, popeza thupi lake linakutidwa ndi chigoba cha timafupa tolumikizana, ndipo ziwalo zomwe zimagwedezeka ndi zipsepse, mchira, maso ndi kamwa basi. Kujompha komwe munaonako inali ikudya tizamoyo tofewa tomera pamiyala, monga masiponji, pamodzi ndi ndere.

Yankho lachiwiri:
Pa nkhani ya thankiyo, chonde muletseni mnzanuyo. Nsomba imeneyi ikapanikizika imatulutsa chiphe kudzera pakhungu. M'nyanja chiphecho chimasungunuka n'kungothamangitsa adani, koma m'madzi ochepa a m'thanki chimatha kupha nsomba zonse, nthawi zina pamodzi ndi nsomba yotulutsa chipheyo. Mukabwererakonso, yang'ananinso kena kachikasu kamadontho akuda. Kameneko ndi kamwana ka mtundu wina, Ostracion cubicus.

Wofunsa:
Zikomo kwambiri nonse, za thankizo tazisiya. Chatsala n'chakuti, kodi nsombayi imakhalitsa pamalo amodzi, moti ndikapitanso pathanthwe lomwelo Loweruka likudzali ndingakaipezenso, mwinanso pamodzi ndi yaimuna yake?