Kodi kokalupsa ndi chizimalupsa ndi mvula imodzi?

Wofunsa: Abale ndithandizeni. Loweruka ndinaperekeza agogo kudimba kwawo m'mbali mwa Lungwena. Mtsinje waphwa, amayi akuchita kufukula mchenga kuti madzi adzadze ndowa. Koma mvula isanagwe ndi dontho lomwe, mitengo yayamba kale kuphukira. Timango tabereka, tating'ono ngati nsawawa. Pamene anyamata anatentha tchire posaka mbewa patuluka msipu, mbuzi zili piringupiringu pomwepo, nyenje nazo zikuboola makutu. Agogo anayang'ana kumapiri a Namizimu, amvekere, "Kokalupsa sali patali." Ine ndinakula ndikumva chizimalupsa. Nditawafunsa anangoseka, ati ana asukulu inu. Ndi mvula imodzi kapena ziwiri?

Mlongo wa ku Monkey Bay: Ndi imodzi yomweyo, mayina amangosiyana ndi madera.

Mphunzitsi wopuma, Namwera: Ayi mwanawe, mvetsera mawuwo bwino. Lupsa ndi malo amene tchire lapsa. Chizimalupsa ndi kamvula koyamba, kawirikawiri mu Okutobala, kongozima moto wa m'tchire ndi kugoneka fumbi, dothi n'kumanunkhira, mawa lake dzuwa lili phwee ngati sikunagwe kanthu. Kokalupsa amachita kukoka. Amakokolola phulusa lonse la palupsa kupita nalo kumtsinje, ndipo madzi oyamba kutsika amakhala akuda bii, osachapira ngakhale chigamba. Kwathu tinkasiyanitsa choncho. Ndipo wodzala chimanga pa chizimalupsa tinkamuseka, chifukwa mbewu imamera n'kupserera.

Wofunsa: Zikomo aphunzitsi. Nanga mitengoyi ikuphukira ndi madzi ati?

Mlimi wa ku Malindi: Mizu yake inapita pansi achimwene, komwe chinyezi chidakalipo, ndiye kukangotentha imadzuka. Mlambe umasunga madzi m'thunthu mwake. Wosamva ndi nsangu: chilimwe chonse uli ndi masamba, anzake akamavala mu dzinja iwo ndiye umavula. N'chifukwa chake chimanga chimachita bwino pansi pake.

Mlongo wa ku Monkey Bay: Komatu amayi anga amatchula onse awiri pa mvula imodzi, aphunzitsi. Ndiwauze kuti akulakwa?

Mphunzitsi wopuma, Namwera: Usayerekeze, ungagone ndi njala.

Wofunsa: Ndawawerengera agogo zonsezi madzulo ano. Za mayina sanayankhe. Angonditumiza kuti mawa ndikazule mbatata za kumunsi kwa dimba, zija zili pafupi ndi mchenga.