Gulu la Kwathu: ulendo wa ku paki ya Liwonde

Azakhali a ku Area 25: Mwadzuka bwanji nonse? Ana akuti akaone njovu ku Liwonde. Tipite pa Khirisimasi?

Malume: Pa Khirisimasi ayi, achemwali. M1 kudzera ku Dedza ndi Ntcheu, n'kukhotera ku Balaka pa Chingeni, ndi tala yekhayekha. Nkhani ili m'kati mwa paki. M'mbali mwa Shire dothi lake ndi makande, mvula ikagwa limaterera n'kumata matayala, misewu ina amachita kutseka.

Bambo a Tadala: Koma malume, chiyambireni bungwe losamalira nyama zakutchire la African Parks kuyendetsa pakiyi mu 2015 alendo achuluka, mikango inabwera mu 2018. Misewu siikonzedwa?

Malume: Kukonza kulipo pawiri. Kungopala ndi giledala kumathandiza chilimwe chimodzi basi. Pa makande pamafunika kukweza msewu, pakati patukuke kuti madzi azitsikira m'mbali, kenako gelevulo wa masentimita 15, wothiridwa madzi n'kutsenderedwa ndi rola. Ngalande mbali zonse. Kalavati ikachepa imatsekeka ndi zitsotso, madzi amadutsa pamwamba n'kudula msewu. Pa timitsinje touma chilimwe ndi bwino kuyala konkire pansi, madzi azingoyenda pamwamba. Gelevuloyo akamachoka kutali, ntchito imayenda pang'onopang'ono.

Mayi a Chisomo: Ndiye tipite Ogasiti, sukulu atatsekera. Udzu umakhala wauma, nyama zimatsikira ku mtsinje.

Malume: Eya. Koma minibasi ayi, ndi yotsika, imagunda pansi. Titenge magalimoto okwera awiri, lililonse likhale ndi sipeya, jeke, sipanala ndi chingwe chokokera. Mafuta tithire tisanalowe pa geti.

Azakhali: Nanga agogo? Zimbudzi zili pafupipafupi?

Mayi a Chisomo: Ayi azakhali, yembekezerani pa geti ndi pa malo ogona. M'njira satsika m'galimoto. Agogo akhale kutsogolo, ndipo onse apewe zovala zakuda kapena zabuluu, zimaitana kashembe.

Bambo a Tadala: Ndiimba kufunsa mtengo wolowera, wa galimoto ndi wa bwato la pa Shire. Akuluakulu mutenge ziphaso za unzika, mtengo wa Amalawi ndi wotsika.

Azakhali: Chabwino mwanangu. Tinyamuke 4 koloko m'mawa. Banja lililonse lilembe pano mayina a opita pofika Lachisanu, ndalama tizisonkha kwa Mayi a Chisomo.