Andiimitsa ntchito chifukwa cha zomwe ndinalemba pa Facebook: kodi lamulo likuti chiyani?

Mayi wa ku Chilomoni:

Ndakhala ndikugwira ntchito ya ukalaliki pa kampani ina mu mzinda wa Blantyre kwa zaka zisanu ndi chimodzi. Malipiro athu atachedwa kwa miyezi iwiri, ndinalemba pa tsamba langa la Facebook kuti n'zowawa kugwira ntchito ana akugona ndi njala pamene mabwana akusintha magalimoto. Sindinatchule dzina la kampani kapena la munthu, ndipo ndinalemba usiku ndili kunyumba, pa foni yanga, ndi bandulo yogula ndekha. Wina anajambula mawuwo n'kuwatumiza kwa akuluakulu, ndipo tsopano ndalandira kalata yondiimitsa ntchito, yonena kuti ndaipitsa mbiri ya kampani ndipo ndikaonekere ku komiti yosungitsa mwambo sabata yamawa. Kodi olemba ntchito ali ndi mphamvu pa zimene munthu amalemba ataweruka? Nanga akandichotsa ndingalowere kuti?

Wa bungwe la apantchito:

Pepani mayi ndi zimene zakuonekeraniko. Choyamba, kukomitiko mupite ndithu, chifukwa kukana kupita kumawapatsa mpata wonena kuti anakupatsani mwayi wolankhula koma munaukana nokha.

Lamulo la za ntchito la 2000, lija timalitchula kuti Employment Act, pa gawo 57 limafuna zinthu ziwiri munthu asanachotsedwe ntchito chifukwa cha khalidwe lake: pakhale chifukwa chomveka, komanso munthuyo apatsidwe mpata wodziteteza pa zomwe akumuimba mlandu. Gawo 61 limasenzetsa wolemba ntchito udindo wopereka chifukwacho ndi kuonetsa kuti anachita mwachilungamo, kotero si inu amene muyenera kutsimikiza kuti simunalakwe. Mukafunse mwaulemu kuti akuonetseni ndime ya m'malamulo a kampani imene mwaphwanya, ndiponso kuti afotokoze kasitomala kapena malonda amene ataya chifukwa cha mawu anu. Mupemphe kuti mupite ndi mnzanu wa kuntchito kapena mtsogoleri wa bungwe lanu, ndipo zokambirana zonse zilembedwe. Musaiwalenso kuti kuchedwetsa malipiro nakonso n'kuphwanya mgwirizano wa ntchito, choncho mapepala a kubanki osonyeza tsiku limene ndalama zinalowa muwatenge.

Akakuchotsani, gawo 62 limakupatsani miyezi itatu yokha kuti mukadandaule ku ofesi ya Leba ya m'boma lanu, ndipo nkhani ikakanika kumeneko imapita ku khoti la Industrial Relations Court, lomwe lili ndi mphamvu yolamula kuti mubwezeretsedwe pa ntchito kapena mupatsidwe chipepeso.

Bambo wa ku Johannesburg:

Ndikugwirizana nazo zimene zanenedwazi, koma ndikufuna kukuchenjezani kuti musatsamire kwambiri pa mfundo yoti foni ndi yanu ndipo munali kunyumba. Kuno ku South Africa mfundo imeneyi inayesedwa kale m'khoti ndipo inagwa. Mu Disembala 2015 mayi wina wogwira ntchito ku kampani ya Edcon, ali pa tchuthi komanso pa kompyuta yake, analemba pa Facebook mawu atsankho onyoza boma la Jacob Zuma. Bungwe la CCMA, lomwe limathetsa mikangano ya pakati pa antchito ndi owalemba ntchito kuno, linati kumuchotsa kunali kosayenera, koma mu 2019 khoti la Labour Court linagamula kuti kampani inachita bwino, ndipo chimodzi mwa zifukwa zazikulu chinali chakuti tsamba la mayiyo linkasonyeza poyera kumene ankagwira ntchito, moti anthu okwiya anayamba kuloza chala kampaniyo.

Nkhani yanu ndi yosiyana kwambiri, pakuti kudandaula za malipiro si tsankho, ndipo chigamulo cha kuno sichimanga makhoti a kwathu. Komabe funso limene oweruza amafunsa ndi lomwelo: kodi wowerenga akanadziwa kampani imene ikunenedwa? Ngati pamwamba pa tsamba lanu munalembapo malo anu antchito, kapena pali zithunzi mutavala yunifolomu, kusatchula dzina sikukutetezani mokwanira.

Wophunzira za malamulo ku Zomba:

Ine ndikuona kuti mayiwa ali ndi poimira polimba kuposa mmene bambo a ku Johannesburg akuonera. Malamulo aakulu a dziko lino pa gawo 35 amapereka ufulu wolankhula zakukhosi, ndipo gawo 31 limapatsa aliyense ufulu wochitiridwa mwachilungamo pa ntchito ndi kulandira malipiro oyenera. Ufuluwu uli ndi malire, inde, koma munthu amene wanena zoona pa nkhani yokhudza malipiro ake, popanda kutukwana kapena kuulula zinsinsi za kampani, sangafanane ndi wonamizira bwana wake kuti ndi wakuba. Ngakhale komiti itapeza kuti mawu onena za magalimoto aja anapyola muyeso, gawo 56 la Employment Act lili ndi zilango zina zocheperapo monga chenjezo lolemba, ndipo popereka chilango amayenera kuganizira kukula kwa cholakwacho, zimene zaonongeka chifukwa cha cholakwacho, komanso khalidwe lanu pa zaka zonse mwagwira ntchitozi.

Chimene ndikupemphani n'chakuti musalembenso kanthu pa nkhaniyi pa Facebook kapena m'magulu a WhatsApp a kuntchito, makamaka ponena za munthu amene mukumuganizira kuti ndiye anakunenezani. Lamulo la 2016 la Electronic Transactions and Cyber Security Act limati kuzunza kapena kuopseza munthu kudzera pa intaneti ndi mlandu, ndipo nkhani imene panopa ndi ya kuntchito ingathe kukafika kupolisi.

Mayi wa ku Chilomoni:

Zikomo kwambiri nonse. Tsamba langa limasonyezadi kumene ndimagwira ntchito, choncho mfundo imeneyo sindikakangana nayo kukomiti. Ndatenga kale mapepala a kubanki a miyezi iwiri ija, ndipo mawa ndikapereka kalata yopempha malamulo a kampani komanso chilolezo chopita ndi mnzanga. Funso limene latsala n'lakuti, kodi zimene ndinalembazo ndizifufute tsopano, kapena ndizisiye mpaka komiti itakumana?