Ndine namwino, akundilonjeza ntchito ku Norway koma akufuna K3 miliyoni kaye

Abale anzanga, ndabisa dzina chifukwa anzanga akuntchito ali pagulu pomwe pano. Ndine namwino, ndagwira ntchito zaka 9 m'chipatala cha boma. Mwezi watha mayi wina wakutchalitchi kwathu anandilumikiza ndi ajenti wa pa WhatsApp. Bamboyo akuti kumpoto kwa Norway, kufupi ndi Tromsø, nyumba zosamalira okalamba zikusowa anamwino. Ndikapereka K3 miliyoni ya mapepala ndi viza, akuti pakatha miyezi itatu ndikwera ndege, chilankhulo ndikaphunzira konko.

Ndalamayo ndilibe, koma ndili ndi kapuloti ku Area 25 kamene ndinagula movutikira, ndipo wofuna kukagula wapezeka kale. Chikundisowetsa tulo n'chakuti ajentiyo sakundionetsa kalata ya ntchito. Ndikafunsa dzina la malo ogwirirawo amangoti "zimenezo mukalipira". Ndili ndi mwana wazaka 6, komanso mayi anga odwala shuga amadalira ine. Amene muli ku Norway, zoona zake n'zotani? Ndigulitse?

Namwino wokhala ku Bergen: Asista, puloti musagulitse. Ine ndinadutsa njira imeneyi ndipo si ya miyezi itatu. Kuno simungadzitchule kuti sykepleier, kutanthauza namwino, popanda chilolezo cha Helsedirektoratet, nthambi ya boma la Norway yoona zaumoyo. Mumawatumizira mapepala a sukulu, iwo amafananiza maphunziro anu ndi a kuno, ndipo akaona kuti penapake n'poperewera amakuuzani zoti muwonjezere. Kwa ife ophunzira kunja kwa EU ndi EEA, migwirizano ya mayiko a ku Ulaya, pamabweranso mayeso a chilankhulo pa mlingo wa B2, mayeso a luso la unamwino, kosi ya malamulo ndi kayendetsedwe ka zaumoyo kuno, ndi ya kaperekedwe ka mankhwala. B2 musaipeputse. Agogo wazaka 90 amene mutu unayamba kusokonekera sakuyankhulani Chingerezi, amayankhula Chinorway cha kumudzi kwawo, ndipo lipoti la usiku mumalemba m'chilankhulo chomwecho.

Chilolezo chokhala m'dziko amapereka ndi a UDI, nthambi yoona za anthu olowa m'dziko. Amafuna kalata yeniyeni ya ntchito yochokera kwa wokulembani, ndipo pa ntchito ngati yathuyi amafunanso kuti chilolezo cha unamwino chikhale chilipo kale. Ndiye ajenti wanuyo akukutengerani pa khomo liti? Nyumba zambiri za okalamba zimayendetsedwa ndi makhonsolo, amene kuno timati kommune, ndipo ntchito zawo amalengeza poyera pa intaneti. Dzina la malo si chinsinsi.

Membala wina: Muwonjezerepo ichi. Malawi ali pa mndandanda wa 2023 wa WHO, bungwe loona zaumoyo padziko lonse, wa mayiko 55 amene akusowa kwambiri ogwira ntchito zaumoyo, ndipo mayiko olemera amapemphedwa kuti asamabwere kudzasaka anamwino m'mayiko amenewa. Inu panokha kufunsira ntchito sikoletsedwa ayi. Koma munthu wonena kuti watumidwa kudzasonkhanitsa anamwino ku Malawi, mumufunse bwino amene wamutuma. Ofesi ya kazembe wa Norway ili ku Lilongwe konko, bwanji osafunsa kaye?

Bambo wokhala ku Tromsø: Za mapepala anena kale. Ine ndinene za mdima, chifukwa palibe amene anandichenjeza. Kuno dzuwa silituluka kuyambira kumapeto kwa Novembala mpaka pakati pa Januwale. Masana kumangoyera pang'ono ngati m'bandakucha, kenako kwada. Chaka changa choyamba ndinkalira popanda chifukwa chodziwika. Anthu ake ndi aulemu koma sangakugogodereni pakhomo kudzacheza, zimatenga nthawi. Malipiro mukawasintha m'makwacha amaoneka phiri, koma lendi, msonkho ndi chakudya mumalipira m'ma krone, ndalama za kuno. Chabwino n'chakuti maola a ntchito amalemekezedwa, ndipo mukakhala ndi chilolezo choyenera mwana mutha kumufunsira kuti abwere. Amayi anu ndiye n'kovuta, konzekerani zimenezo mumtima.

Wofunsa: Zikomo nonse. Ndamulembera ajenti uja kuti andipatse dzina la kommune ndi kalata ya ntchito ndisanapereke chilichonse. Wawerenga, sanayankhe. Wogula puloti ndamuuza kuti ndasintha maganizo. Mtima wopita sunathe, chifukwa malipiro anga amatha mwezi usanafike pakati, ndipo mankhwala a amayi akukwera mtengo. Asista a ku Bergen, ndiyambe chiti: kutumiza mapepala ku Helsedirektoratet, kapena Chinorway? Ndipo kalata yotsimikizira kuti ndine namwino wolembetsedwa, a Nurses and Midwives Council amatumiza okha kumeneko kapena ndimatenga ndine? Sabata ino ndili pa naiti, koma ndiziwerenga mayankho nthawi yopuma.