Mwana wanga mawu amamuthawa akaima pagulu, ndithandizeni nzeru

A admin chonde mundibisire dzina, anzake a mwanayu ambiri ali mgulu muno.

Moni nonse. Ndine mayi wa ana atatu, ndimakhala mbali ya ku Linthipe kuno ku Dedza, geni yanga ndi ya mbatatesi ndi tomato mmbali mwa msewu wa M1. Nkhani ndi ya mwana wanga woyamba, mtsikana, ali fomu 3 pa sekondale ina yoyendera. Mkalasi ali bwino ndithu, nde aphunzitsi a kalabu yawo ya zachilengedwe anamusankha kuti adzayankhule za zojambula za mmapanga a ku Chongoni tsiku lomwe kubwere makolo ndi alendo kusukuluko, mphindi 7, mChingerezi. Kwatsala masabata awiri.

Analemba mapeji atatu, aphunzitsi anamukonzera galamala, iye nkuloweza zonse kuyambira pamwamba mpaka pansi, usiku uliwonse timangomumva kuchipinda akubwereza mpaka ang'ono ake analoweza nawo zina. Lachisanu lapitali anamuuza kuti ayeserere pa asembule. Anayamba bwinobwino koma atafika pakati mnyamata wina kumbuyo anatsokomola mwadala anzake nkuseka, basi mawu onse balala. Anabwereza chiganizo chomwecho katatu kenako anangoti njo, manja akunjenjemera, pepala lili mthumba la siketi koma osakumbuka kuti lilipo. Anatsika akulira. Kufika kunyumba nsima sanaikhudze, akuti amayi mukawauze aphunzitsi asankhe wina.

Ine sukulu ndinalekezera sitandade 7 nde Chingerezi chakecho sindingamuthandize. Koma mtima ukundiwawa chifukwa ndikuona ngati akathawa panopa adzangozolowera kuthawa. Nde ndimulole asiye kapena ndimulimbikitse? Ngati apitirize, analakwitsa pati, ndipo masabata awiriwa tizichita chani kunyumba kuno? Aphunzitsi, abusa, a MC, aliyense amene mumaima pagulu chonde ndithandizeni.

Madamu a Chingerezi, Ntcheu: Pepani mayi. Musamulole asiye koma musamukalipirenso. Zimenezi ndimaziona chaka ndi chaka ndipo zimagwera ana anzeru omwewo, chifukwa ndi amene amatha kuloweza mapeji atatu. Vuto lagona pa kulowezapo. Mawu oloweza ali ngati mikanda yotungidwa pa ulusi umodzi, ulusi ukangoduka mikanda yonse ili pansi, chiganizo chilichonse chimadalira chinzake kuti chichikoke nde chimodzi chikasowa mwana alibe polowera, nchifukwa chake amabwereza chomwecho katatu, amafuna chimukokere chotsatira.

Lero madzulo mukakhala pa mbaula muuzeni akufotokozereni nkhani yonseyo mChichewa, pepala alisiye kuchipinda. Inuyo muzimudula ndi mafunso, anajambula ndani, amajambulira chani, bwanji zina nzofiira zina nzoyera, nanga ife zikutikhudza bwanji. Pomwe akakamire ndi pomwe nkhaniyo sakuidziwa, akungodziwa mawu ake. Apa Chingerezi chanu sichikufunika olo pang'ono, chofunika ndi munthu womufunsa mafunso enieni ndipo inu ndi amene mungathe kuposa ine. Achite choncho masiku atatu, kenako atembenukire ku Chingerezi koma asabwererenso ku mapeji aja. Atenge kapepala kokwana mdzanja alembepo mfundo 4 kapena 5, mfundo iliyonse mawu awiri kapena atatu basi. Tsiku lililonse ziganizo zizituluka mosiyanako ndi dzulo, musadandaule, ndi mmene ziyenera kukhalira.

Mwini funso: Zikomo madamu. Nanga galamala yomwe aphunzitsi ake anamukonzera ija siwonongeka akasiya mapejiwo?

Madamu a Chingerezi, Ntcheu: Ithyoka apo ndi apo inde, koma makolo sabwera ndi bolopeni yofiira, abwera kudzamva mwana akuyankhula. Ngati akufuna pogwira aloweze ziganizo ziwiri zoyambira ndi chimodzi chomalizira, pakati ponse aziyenda ndi mfundo. Ndipo akaiwala ayang'ane kapepala apite pa mfundo yotsatira, palibe amene ali ndi kope ya zomwe analemba, palibe adziwe kuti wadumpha. Kapepalako kakhale mdzanja osati mthumba.

Mayi a mapasa: Ndikutsatira nawo, wanga ali sitandade 8 nayenso ndi chimodzimodzi, kunyumba mlomo osatseka koma mkalasi zii.

MC wa maukwati, Lizulu: Amayi ine ndimagwira maiki pafupifupi Loweruka lililonse koma mpaka lero mtima umagunda ndikamayamba, muuzeni kuti mantha sachoka, timangowazolowera. Cholakwika chachikulu cha ana ndi liwiro, amafuna amalize msanga akakhale pansi nde mpweya umawathera pakati pa chiganizo mawu nkuyamba kunjenjemera. Akafika kutsogolo asayambe nthawi yomweyo, aime, mapazi onse awiri pansi, apume kawiri, kenako ayambe. Anthu akaseka asiye kuyankhula adikire, asapikisane nawo, phokoso limatha lokha. Kukhala chete kwa kanthawi kwa iye kumaoneka ngati chaka koma kwa omvera sikanthu. Kukakhala maiki asaimeze ndipo asaipemerere kapena kuimenya, aigwire mmunsi pang'ono mwa mlomo. Nkhope za anthu zikamamuopsa aziyang'ana pamwamba pa mitu yawo kukhoma la kumbuyo.

Mtsikana wa ku koleji: A MC zonse ndagwirizana nazo kupatula zoyang'ana kukhomazo. Ine anandiuza zomwezo ndili fomu 2 ndipo zinandisokoneza kwambiri, ukamayankhula ndi khoma sudziwa ngati anthu akumva nde umabwereranso ku kulakatula kuja. Chomwe chinandithandiza ndi kusankha anthu atatu, wina kumanzere wina pakati wina kumanja, anthu oti ndikawayang'ana amagwedeza mutu, nkumayankhula ndi iwowo mosinthana. Mama tsikulo mudzakhale poonekera, osati kumbuyo kwenikweni, mmodzi mwa atatuwo mudzakhale inu.

China, mujambuleni pa foni akamayeserera kenako adzionere yekha. Poyamba zimachititsa manyazi koma ndi pomwe ndinadziwira kuti ndimagwedezeka uku ndi uku komanso ndimangoti eeh eeh pakati pa mawu, munthu atandiuza sindikanakhulupirira. Foni yomweyo ikuuzaninso ngati akukwana mphindi 7 zija. Za L ndi R zija asadandaule nazo, tonse zimatisakanikira chifukwa mChichewa sizisintha tanthauzo la mawu, angosankha mawu ochepa ovuta omwe ali mu nkhani yakeyo awabwereze, enawo asiye.

MC wa maukwati, Lizulu: Zoona achemwali, zakukhoma ndimauza amene zawavutitsitsa. Ngati angathe nkhope ndi bwino nkhope.

Mnyamata wa kabaza: Koma anthu inu simukumumvera mwanayo. Wanena yekha kuti sakufuna. Si aliyense anabadwa woyankhula pagulu, musiyeni alimbikire MSCE, zinazi nzongomuzunza.

Agogo aakazi a ku Bembeke: Iwe mwanawe, mawu onenedwa ndi misozi mmaso si omaliza. Amayi ake amufunsenso mtima ukakhala pansi. Akakanabe nde amusiye, apo ndikuvomereza, koma asamusiye chifukwa cha mnyamata wotsokomola uja. Ife tinakula akutiuza kuti mtsikana waulemu amayang'ana pansi akamayankhula ndi akulu, ulemuwo ndi wabwino koma ambiri tinafika pokhala mmakomiti a chitukuko tili ndi mfundo mmutu osatha kuitulutsa, amuna nkumatiyankhulira. Sindifuna adzukulu anga adzakhale choncho.

Bambo wa kufupi ndi Mphunzi: Mayi ine ndiyankhulepo za nkhani yakeyo chifukwa mapangawo ndakulira pafupi nawo. Funso langa, mwanayu anafikako? Chifukwa ana ambiri a konkuno amalemba za Chongoni kuchokera mnotsi koma phazi lawo silinapondeko, pomwe azungu amachoka kutali kudzaona. Kuchokera ku Linthipe si kutali. Mupite naye Loweruka ku mapanga a ku Mphunzi kapena a ku Chencherere, omwe ndi ena mwa malo a Chongoni, akaone ndi maso ake, munthu saiwala chomwe anaona.

Mfundo zake zisachuluke. Malo ojambulidwawo alipo 127 ndipo UNESCO inawaika pa mndandanda wa malo ofunika pa dziko lonse mu 2006. Zofiira zija, zamizeremizere ndi zozungulira, ndi zakale kwambiri, anajambula ndi Akafula, ena amati Abatwa, anthu omwe ankakhala mosaka nyama ndi kutola zipatso. Zoyera zinajambulidwa ndi makolo athu Achewa ndi dothi loyera, zina zimaoneka ngati buluzi kapena ng'ona yotambasula miyendo ndipo zimakhudzana ndi chinamwali cha atsikana, zina ndi za gule. Manambala awiri amenewo akwana, akaonjezera ambiri omvera sawasunga ndipo iye ndi pomwe angapunthwe.

Awonetsetsenso chinthu ichi. Manotsi akale amati Malawi ili ndi malo awiri pa mndandandawo, paki ya pa nyanja ku Cape Maclear yomwe inalowa mu 1984 ndi Chongoni. Koma phiri la Mulanje linalowanso mu 2025, nde akanena kuti awiri mlendo wina akhoza kumukonza pagulu, ndipo kwa mwana woti akulimbana kale ndi mantha zimenezo zimapweteka.

Chomaliza ndipo ndikunena mwaulemu. Pa za chinamwali ndi gule anene zomwe zimanenedwa poyera basi, kuti zojambulazo zinkagwiritsidwa ntchito pophunzitsa miyambo. Asayese kumasulira za kudambwe kapena za kutsimba pofuna kuoneka kuti wafufuza kwambiri. Pa makolo amene abwerewo padzakhala mafumu ndi anamkungwi, akangodumpha malire nkhope zidzasintha ndipo iye adzaona kuti chalakwika koma osadziwa kuti nchani.

Mwini funso: Bambo mwandithandiza kwambiri, zoonadi sanafikeko ngakhale ine ndemwe sindinafikeko, timangoona phiri tikamadutsa. Za Mulanje ndimufunsa ngati analemba awiri.

Mphunzitsi wa pulayimale, Tsangano: Kuonjezera pang'ono. Asadalire pulojekita olo atamulonjeza, magetsi akhoza kuthima nthawi yomweyo. Ife ku TTC anatiphunzitsa TALULAR, kugwiritsa ntchito zomwe zili pafupi. Atenge katoni kapena pepala lalikulu ajambule chofiira chimodzi ndi choyera chimodzi, zazikulu zoti wakumbuyo aone, osadzaza mawu. Tchaticho chimathandiza pawiri, anthu amayang'ana icho mmalo moyang'ana iye ndipo manja ake amapeza chochita. Koma poloza aime pambali, asawapatse anthu msana nkumayankhula ndi tchati. Malonje afunse aphunzitsi ndondomeko yake, mlendo wolemekezeka, mafumu, ahedi, makolo, awalembe pakapepala awerenge ndithu, pamenepo kuwerenga sikulakwa chifukwa kudumpha mfumu ndi nkhani. Ndipo asayambe ndi kupepesa kuti sindidziwa bwino Chingerezi kapena ndili ndi mantha, anthu amayamba kusaka zolakwika zomwe sakanaziona. Kwathu kuno ndi kwanuko kuzizira nkumodzi, avale juzi ya yunifolomu ndipo amwe madzi ofunda asanapite, nthawi zina kunjenjemera kwina kumakhala kwa mphepo mwana nkumaganiza kuti ndi mantha.

Madamu a Chingerezi, Ntcheu: Ndinaiwala, mukaonane ndi aphunzitsi a kalabuwo. Kuchoka kuchipinda kukaima pa asembule ya sukulu yonse kunali kudumpha kwakukulu. Apempheni ayambe ndi anzake 5 a mkalabu, kenako kalasi yake, asembule ibwere kumapeto ngati nthawi ilipo. Za mnyamata uja muwauzenso, aphunzitsi amadziwa pomukhazika tsikulo.

Mayi wa mvano, Dedza boma: Mupemphere naye mayi, mmawa wa tsikulo mumugwire dzanja. Koma zomwe anena aphunzitsizi muchitenso.

Mwini funso: Ndabweranso abale, papita masiku atatu. Tsiku loyamba anakana, anati amayi zimenezo nzachibwana, ndinamusiya. Mawa lake tikusankha mbatatesi zopita kumsika ndinangomufunsa ngati ndikufuna kudziwa ineyo kuti kodi anajambulawo ndi ndani, anayamba kufotokoza osazindikira kuti wayamba. Anakakamira penipeni pomwe ananena madamu, nditamufunsa kuti bwanji zina nzofiira zina nzoyera anandiyankha chiganizo cha Chingerezi choloweza chija, ndinati ndiuze mChichewa, anakhala chete kenako anati amayi sindikudziwa. Tinawerenga limodzi zomwe analemba bambo a ku Mphunzi aja.

Nde apongozi anga anali pompo akuotha moto, atamva za Akafula anati aaa amenewo ndi Amwandionerapati, nkuyamba kusimba mmene ankamvera kwa agogo awo, kuti anali anthu aafupi ndipo ukakumana naye amakufunsa kuti mwandionera pati, ukayankha kuti pompano wautsa mkwiyo, umayenera kunena kuti ndakuonerani kutali uko. Mwana uja maso anayera, akuti amayi ndiyambira pamenepa, ndiwafunsa anthuwo funso lomwelo mChichewa kenako ndilowe mChingerezi. Aphunzitsi ake avomera ndipo mawa ayeserera pamaso pa anzake a mkalabu okha. Za malo aja analembadi awiri, wakonza. Sananene kuti mantha atha, dzulo pa foni anathamangabe mpaka anamaliza pa mphindi 5, koma za kusiya zija sakuzitchulanso.

Loweruka tikufuna tipite ku Mphunzi ine ndi iye, geni ndisiyira mng'ono wanga. Bambo aja chonde ndiuzeni, kuchokera ku Linthipe titsikire pati, ndipo tikafika timuone ndani woti atilondolere kumapangako?