Ma primer anga akungotulutsa utsi pa gel, thandizeni

Anaphiri: Akuluakulu mwaswera bwanji. Ndinapanga ma primer (tizidutswa ta DNA toyambira PCR, njira yochulukitsira kachigawo ka DNA) kuchokera pa genome (DNA yonse) ya chimanga cha mtundu wa B73 kuti ndiyeze chimanga cha makolo chomwe tinatolera kwa alimi, koma mmalo mwa bandi imodzi (kamzere kamodzi ka DNA) pa gel yoonerapo zotsatira, kukungotuluka utsi kuyambira pamwamba mpaka pansi, DNA ndi yoyera bwinobwino, kutentha kwa annealing (pomwe primer imamata pa DNA) ndakweza mpaka madigiri 62 koma ayi ndithu, ndipo Taq (enzyme yochitira PCR) ikutha, mukudziwa mmene zimachedwera kubwera zinthuzi

Abanda: Control yopanda DNA ikuonetsa chani? Mwina madzi anu adetsedwa

Anaphiri: Ili mbee achimwene, palibe kanthu

Angozo: Chemwali, musanaode primer yanuyo munaiponya pa BLAST (chida chofufuzira malo omwe sequence ikufanana nawo) ya MaizeGDB, database ya chimanga? Ine ndikuganiza kuti yakhala pa retrotransposon. Pafupifupi 85% ya genome ya chimanga ndi ma transposon (zidutswa za DNA zomwe zimatha kulowa malo ena mu genome), makamaka ma retrotransposon a mtundu wa LTR monga Ji, Opie ndi Huck. Amadzikopera kudzera mu RNA nkukalowa malo ena pomwe oyambawo ali pompo, ndiye primer ikagwera pa iwowa imamata malo zikwizikwi nthawi imodzi, utsi wanuwo ndi umenewo.

Abanda: Zija za Barbara McClintock za mawanga pa njere?

Angozo: Ndi pachibale koma ayi. Ac ndi Ds (ma transposon a mtundu wina) zomwe mayi aja anaziona mma 1940, zomwe anapatsidwira Nobel mu 1983, zimachita kuzuka pamalo nkukatera pena, sizichulukana motero. Zomwe zinatupitsa genome ya chimanga kufika 2.3 Gb (zilembo za DNA mabiliyoni 2.3) pomwe ya mpunga ili cha mma 390 Mb (mamiliyoni 390) basi ndi ma LTR, ndipo ambiri analowa zaka mamiliyoni ochepa apitawa, ena kulowa mkati mwa anzawo ngati mapoto olowetsana.

Anaphiri: Eeh ndayesa pompano, mwa ma primer awiri aja ya reverse ili bho koma ya forward ma hit ake (malo omwe ikufanana nawo) ndi osawerengeka, chromosome iliyonse mwa 10 ija ilipo

Angozo: Ndiye basi. Tengani sequence yomwe ma repeat (zigawo zobwerezabwereza) aphimbidwa kale kapena idutsitseni pa pulogalamu yowaphimba ya RepeatMasker, kenako pa Primer3 yopangira ma primer, ndipo primer ikhale mkati mwa exon (chigawo cha jini chomwe chimatsala mu RNA yomalizidwa). Pakati pa ma jini musadalirepo, olo mitundu ya chimanga ya B73 ndi Mo17 imasiyana kwambiri pamenepo, nanji chimanga cha makolo chathuchi. Komanso sampulo ina ikadzatulutsa bandi yaikulu kuposa yomwe mukuyembekezera musathamangire kuitaya, mwina pali chinalowa pakati. Paja retrotransposon ya Hopscotch yomwe ili cha pa 60 kb (zilembo za DNA 60,000) kutsogolo kwa jini ya tb1 ndi imene inathandiza kuti chimanga chisamachite nthambi zambiri ngati teosinte, kholo lakutchire la chimanga.

Abanda: Reverse yo isungeni, muode forward yokha. Oda yathu ikupita Lachisanu, nditumizireni sequence ku inbox ndiiphatikize pomwepo

Anaphiri: Zikomo kwambiri achimwene, ndipanga ma forward awiri osiyana ndikutumizirani mawa mmamawa